Mtunda ukatalika sufunsa ngati wavala chitenje

Pali mkangano wina umene sutha m'misika yathu. Kaya ndi ku Tsoka, ku Limbe, ku Ndirande kapena kwathu kuno pa boma pa Mchinji, makasitomala akangochepa masana wina amauyambitsa: kodi pakati pa mwamuna ndi mkazi wolimba ndani? Abambo a pa benchi ya nsomba amayankha msangamsanga kuti funso limeneli n'la ana, ati mkazi ngakhale atadya bwanji sangamuthe mwamuna pa liwiro. Amayi a tomato amangoseka, n'kumapitiriza kuunjika milu yawo.

Lero ndati ndiponyepo langa, ine mwamuna mnzanu, mwana wa ku Mchinji amene ndidaleredwa ndi ndalama ya geni. Sindikubwera ndi nkhani za m'maluwa ayi. Ndabwera ndi mayina, zaka ndi manambala, kuti wofuna kutsutsa atsutse ali ndi pogwira.

Tiyambe ndi kuwapatsa abambo zawo. Pa liwiro la pafupi la mamita 100, Usain Bolt wa ku Jamaica adathamanga masekondi 9.58 mu 2009, pamene mkazi wothamanga kwambiri, Florence Griffith-Joyner wa ku America, adathamanga masekondi 10.49 mu 1988. Ngakhale pa mpikisano wa makilomita 42 uja amati marathoni, katswiri wa amuna amafika katswiri wa akazi akadali m'njira ndi mphindi pafupifupi 10. Pamenepo palibe chotsutsa. Abambo, ombani m'manja, koma musanyamuke, nkhani ikadalipo.

Kuli mtundu wina wa mpikisano umene wailesi zathu sizikamba. Uwu ndi wa anthu oyenda pansi m'njira zazitali za m'mapiri ndi m'nkhalango, masiku ndi masabata, kulimbirana kuti ndani adutse njira yonse m'nthawi yochepa kuposa onse amene adayendamo kale. Kulibe wenzulo, kulibe bwalo, kulibe anthu okuwa m'mbali. Munthu amasankha yekha tsiku lonyamuka, amamangirira kachipangizo ka GPS kosonyeza pamene ali, basi n'kuuyamba. Akafika kumapeto, osunga kaundula amaona umboni n'kulemba nthawi yake. Nthawi imene palibe waiposa ndiyo amati rekodi. Tsono kumeneko, abale anga, masamu a pa benchi ya nsomba aja asokonekera.

Ku America kuli njira ya m'mapiri yotchedwa Appalachian Trail. Ndi ya makilomita pafupifupi 3,500, imadutsa zigawo 14 za dzikolo, kuchokera ku Georgia mpaka ku Maine. Kuti mumvetse, kuchoka pa boma pa Mchinji kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110. Ndiye kuti njira imeneyi n'chimodzimodzi kupita ku Lilongwe ndi kubwerako wapansi maulendo 16, koma osati pa phula la M12, m'miyala ndi m'zitunda zokhazokha. Anthu wamba amatha miyezi 5 kapena 6 kuti aimalize, ndipo ambiri amabwerera panjira.

Mu 2011 mayi wina, Jennifer Pharr Davis, adaidutsa yonse m'masiku 46, maola 11 ndi mphindi 20. Adaposa aliyense amene adayendamo kale, mwamuna ndi mkazi yemwe. Rekodi imene adagwetsa idali ya mwamuna, Andrew Thompson, ndipo adaiposa ndi tsiku lathunthu. Chodabwitsa n'choti mayiyu sadali kuthamanga kwenikweni. Mbali yaikulu ya mtundawo adangoyenda, kudzuka kukadali mdima, kuyenda maola 16 kapena kuposa, kugona pang'ono, mawa chimodzimodzi.

Amuna zidawawawa. Mu 2015 kudabwera Scott Jurek, chiphona cha mipikisano ya mitunda italiitali, ndipo adailanda rekodiyo. Koma mukudziwa adaposa ndi zingati? Maola 3 okha pa ulendo wa masiku 46! Ena adatsatira, mpaka mu 2018 dokotala wa mano wa ku Belgium, Karel Sabbe, adaitsitsa kufika pa masiku 41, maola 7 ndi mphindi 39. Anthu adati basi, apa ndiye nkhani yatha, mkazi asayerekezenso.

Idatha? Mu September 2024 mtsikana wa zaka 31, Tara Dower, adamaliza njira yomweyo m'masiku 40 ndi maola 18, kumusiya dokotala uja ndi maola 13. Tsiku lililonse amayenda makilomita pafupifupi 87. Taganizani: kunyamuka pa boma m'bandakucha, kudutsa Kamwendo, Waliranji, Namitete, mpaka kupitirira Msundwe, kugona maola ochepa, mawa kubwereza, masiku 40 osapumira. Ena a ife tikangoyenda kuchoka pa depoti kufika ku msika timayamba kale kuitana kabaza.

Wina anena kuti izo zidangochitika mwamwayi. Chabwino, tamverani ya ku England. Kumeneko kuli mpikisano wotchedwa Spine Race, wa makilomita 431, wodutsa njira ya m'mapiri ya Pennine Way mpaka kukalowa ku Scotland. Umachitika mu January, nyengo ya chipale, pamene usiku umatalika kuposa usana, ndipo aliyense amasenza yekha katundu wake kumsana. Mu 2019 adapambana onse, amuna ndi akazi, ndi Jasmin Paris, dokotala wa nyama. Adatha maola 83 ndi mphindi 12, kuposa rekodi ya mwamuna imene idalipo ndi maola 12. Mayiyu adali ndi mwana wa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri, ndipo pa malo opumira, anzake akutikita miyendo, iye amafinya mkaka wa m'mawere. Mwamuna wa ku Spain amene amamulondola m'mbuyo adalephera atatsala pang'ono kufika. Amayi oyamwitsa amene mukuwerenga, ndikudziwa mwagwedeza mutu.

Ndisakunamizeni kuti akazi alanda zonse. Rekodi ya Jasmin Paris ija idagwa mu 2024, adaigwetsa ndi mwamuna, Jack Scott. M'njira zambiri za pa dziko nthawi zoyamba zikadali za amuna. Koma onani chimene chikuchitika: lero walanda mwamuna, mawa walanda mkazi, mkuja mwamuna, onse m'kaundula mmodzi. Pa mamita 100 zimenezi sizidachitikepo. Pa mtunda wa masiku 40 zikuchitika ife tikuona.

Chifukwa chake n'chiyani? Liwiro la pafupi limafuna minofu ndi mapapo, ndipo pamenepo chilengedwe chidakondera amuna. Koma ulendo wa masabata umafunsa mafunso ena. Kodi ungadzuke m'bandakucha utagona maola 4? Kodi m'mimba mwako mungalandire chakudya uli wotopa? Kodi mapazi ako atatuluka matuza ungawamange n'kupitiriza? Kodi ungadziletse kuthamanga tsiku loyamba kuti mphamvu zikafike tsiku la 30? Pa mafunso amenewa ndevu sizithandiza. Akuluakulu adanena kale kuti kuthamanga sikufika, komanso kuti tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Ine pamene ndimawerenga nkhani zimenezi sindidaone zachilendo. Ndidaona azakhali anga.

Azakhali, alongo awo a bambo anga, amachita geni ya mtedza ndi nyemba kumudzi kwathu, kuseri kwa mapiri a Mchinji. Tsiku la msika amayenda wapansi, chifukwa ukalipira kabaza wa iwe ndi wa katundu, kupita ndi pobwera, phindu lonse watayira m'matayala. Ndili ndi zaka 12, nthawi ya holide, adanditenga kuti ndiwanyamulire nkhuku ziwiri. Tidanyamuka tambala woyamba, gulu la amayi asanu ndi anyamata atatu akuluakulu amene amapita kukagula zitsulo za njinga. Amayi onse adali ndi nkhata pamutu ndi dengu pamwamba, awiri ali ndi ana kumsana. Anyamata aja manja ali m'thumba.

Tisadafike patali anyamatawo adatisiya, ati sangayende mwaulesi ngati ali pa maliro. Ine mtima udali dyokodyoko kufuna kuwatsatira, koma azakhali adati, "Iwe mwana wanga, yenda kumbuyo kwangaku. Ponda pamene ndapondapo." Mayendedwe awo adali amodzi, pokwera ndi potsika, osafulumira, osaima. Ndikafunsa kuti, "Azakhali, tatsala pati?" amati, "Tafika kale, n'kuseri kwa kaphiri ako." Kuseri kwa kaphiriko kumakhala kaphiri kena.

Kumsika anyamata aja adatitsogolera, ndi zoona. Koma nkhani idaoneka pobwerera. Amayi adakhala tsiku lonse padzuwa akugulitsa, kenaka n'kuoda mchere, sopo, usipa ndi mafuta, madengu n'kudzazanso. Dzuwa litapendeka tidaupanga wobwerera. Pa mtsinje wachiwiri tidawapeza anyamata aja atakhala pamwala, nsapato atavula, wina akudandaula bondo. Ine ndidafuna kukhala nawo pansi, azakhali adandikoka dzanja: "Usakhale. Miyendo ikazizira siidzukanso. Imwa thobwa uli chiimire." Tidalowa m'mudzi nkhuku zikulowa m'khola. Anyamatawo adafika ife titadya kale.

Malamulo a azakhali adali ochepa. Nyamuka kusadache kuti dzuwa likupeze utadya kale mtunda. Idya pang'onopang'ono ukuyenda, kachinangwa, kambatata, mtedza wa m'manja, osadikira njala. Usamwe madzi ambiri nthawi imodzi. Kamwala kakalowa m'patapata kachotse pompo kasadakupangire bala. Pita nazo zimenezi kwa akatswiri a ku America aja, akuuza kuti ndi zomwezo zimene iwo amachita, kungoti iwo amazilemba m'mabuku n'kumagulitsa.

Kusiyana kwa azakhali ndi Tara Dower n'kumodzi kwakukulu: wina adamugwirira wotchi, wina ayi. Wotchi ya azakhali idali tambala ndi dzuwa. Palibe adalembapo kuti tsiku lakuti mayi wakuti adachoka mudzi wakuti ndi ndowa ziwiri za mtedza pamutu n'kukafika pa msika nthawi yakuti. Ndipo amayi otere m'boma lino ndi ambirimbiri. Ali m'njira za ku Mkanda, za ku Kapiri, za ku Kamwendo, ena m'tinjira ta m'malire topita ku Chipata, kumene abale athu adangogawidwa ndi mzere wa azungu. Inu a m'tauni amene mumaoda mtedza, soya ndi mbatata za kuno, dziwani kuti katunduyo asadakwere lole adayamba wakwera mutu wa munthu.

Maulendo a amuna timawakumbuka. Tonse tidamva za agogo amene adasenza katundu wa asilikali pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, aja amati amtengatenga. Tidamva za amene adayenda wapansi masabata kupita ku Salisbury ndi ku Joni kukafuna ntchito, ena n'kutchona komweko. Nkhani zawo zimakambidwa pa bwalo mpaka lero, ndipo n'zoyenera. Koma mayi amene wayenda ku msika, ku chigayo, ku chitsime ndi ku sikelo zaka 40, mutaphatikiza mitunda yake, sadafike ku Joni kangapo? Iyeyo amangoti "wapita kukagulitsa".

Pali chinanso chimene amuna anzanga sitikonda kumva. Marekodi a ku America ndatchula aja sadapangidwe ndi munthu mmodzi. Jennifer Pharr Davis amayenda, koma mwamuna wake, Brew Davis, amazungulira ndi galimoto kukamudikira pamene njira yadutsa msewu, atakonza chakudya, madzi ndi pogona. Tara Dower adali ndi gulu lomuthandiza, m'gulumo muli mayi ake omubereka. Karel Sabbe nayenso adali ndi omuthandiza ake. Woyendayo ntchito yake idali imodzi: kuyenda. Ena amaphika, ena amachapa masokosi, ena amawerenga mapu.

Nanga azakhali atafika usiku uja adapeza ndani atawaphikira? Adatula dengu, n'kutenga ndowa, n'kusonkha moto. Anyamata a bondo aja atafika kwawo adapeza nsima ili pa mphasa, madzi osamba ali kubafa. Ndiye wina n'kumati tiyeni tione wolimba ndani. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, abale. Mukamuyambitsa mnzanu ali ndi mwana kumsana, dengu pamutu ndi mphika ukumudikira kunyumba, musamanene kuti mwamuposa.

Ndiponso musaiwale kuti akazi adachita kutsekeredwa kunja. Ku South Africa kuli mpikisano wotchuka wa Comrades, wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, umene udayamba mu 1921. Mu 1923 mayi wina, Frances Hayward, adauthamanga n'kumaliza, koma sadamuwerengere chifukwa malamulo samalola akazi. Chitseko chidatsegulidwa mu 1975, ndipo tamverani bwino apa: chaka chomwecho ndi chimenenso adayamba kulola anthu akuda. Patangotha zaka 14, mu 1989, Sam Tshabalala adakhala munthu wakuda woyamba kupambana, ndipo tsiku lomwelo mphunzitsi wamkazi, Frith van der Merwe, adafika pa nambala 15 mwa anthu onse, kusiya chinamtindi cha amuna m'mbuyo. Tsono iwe mwamuna wakuda ukamati mkazi asayerekeze, kumbuka kuti chitseko chimene adamutsekera iye ndi chomwecho adakutsekera iwe.

Ngakhale ku Olympics, akazi adayamba kuloledwa kuthamanga marathoni mu 1984. Kuno kwathu, kuyambira 1973 mpaka 1993 lamulo limaletsa mkazi kuvala buluku pagulu. Lamulolo lidapita, koma m'mitu ya ena likadalimo. Mtsikana akavala kabudula n'kumathamanga m'mawa pa msewu, tamverani zimene zimatuluka pakamwa pa anyamata a pa siteji. Ndi angati angapirire zimenezo tsiku ndi tsiku?

Komabe ngakhale zili choncho, Malawi ali nawo mpikisano wake wa m'phiri, ndipo akazi adaulowa. Ku Mulanje, phiri limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, kuli Porters Race. Udayamba mu 1996 ngati mpikisano wa anyamata onyamula katundu wa alendo ndi olondolera njira, kenaka udatsegulidwa kwa aliyense. Amanyamukira pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya, n'kutsikiranso pa Likhubula, makilomita oposa 20 a miyala ndi zitunda. Njira imene mlendo amayenda tsiku lonse akupumira, akatswiri amaimaliza m'maola 2 ndi mphindi zingapo.

Pa mtunda umenewu amuna ndiwo amafika poyamba, poti ndi waufupi poyerekeza ndi ija ya masiku, ndipo akazi ali ndi gawo lawo. Koma taonani zipatso zake. Doris Fisher adapambana gawo la akazi kangapo mpaka dzina lake kudziwika dziko lonse. Tereza Master, wothamanganso m'phiri lomwelo, adakaimira Malawi pa marathoni ya Olympics ku Rio de Janeiro mu 2016. Kumbali ya amuna, Edson Kumwamba, mwana wa ku Mulanje, adapita ku South Africa kukagwira ntchito ngati anzathu ambiri, n'kutchuka pa mipikisano ya m'mapiri a ku Cape Town mpaka kukathamanga ku Ulaya. Tisaiwalenso Catherine Chikwakwa, amene mu 2004 adatenga mendulo ya siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Italy.

Kodi a ku Mulanje ali ndi miyendo inayi? Ayi. Kungoti kumeneko wina adaganiza zoima pa Likhubula ndi wotchi ndi kope. Anthu onyamula katundu adalipo kuyambira kale, amakwera phirilo tsiku ndi tsiku popanda wowaombera m'manja. Tsiku limene adayamba kulemba nthawi zawo ndi limene dziko lidadziwa kuti kuli akatswiri.

Kuno ku Mchinji akatswiri otere timangowataya. Ku pulayimale ndidaphunzira ndi mtsikana wina, dzina ndisunga. Tikamakonzekera mipikisano ya sukulu aphunzitsi amatithamangitsa tonse pamodzi, kuzungulira dambo ndi kubwerera. Poyamba anyamata timamusiya, koma pobwerera amatidutsa mmodzimmodzi, wopanda nsapato, diresi atalikwinyira m'chiuno, mpaka kukafika woyamba. Wotchi idali imodzi, ndipo imagwira ntchito pa anyamata. Kumudzi amayi akuluakulu adayamba kumuuza kuti mkazi wothamangathamanga amauma m'chiuno, sadzabereka. Anyamata amene amawaposa adamupatsa dzina lachipongwe. Atafika Sitandade 8 adasiya kuthamanga, chaka chotsatira adakwatiwa kutsidya kwa malire.

Ndidakumana naye chaka chatha akugulitsa mandasi, mwana wachitatu ali kumsana. Ndidamufunsa ngati amakumbuka za dambo lija. Adaseka n'kunena kuti, "Achimwene, zimene zija zidali za ubwana. Pano ndimathamanga ndi beseni." Bodza loti sadzabereka lija ana atatu alitsutsa, ndipo Jasmin Paris adalitsutsa ali ndi mkaka m'mawere. Koma nthawi yake ya pa dambo palibe akuidziwa, ndipo sidzadziwikanso. Malamulo a dziko adasinthidwa mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asadakwane zaka 18, koma lamulo palokha silingamugulire mtsikana nsapato kapena kutseka pakamwa pa onyoza.

Tsono ndikubwera kwa inu a mumsika, chifukwa ndikudziwa mphamvu zanu. Mnzanu akaferedwa mumasonkha tsiku limodzi bokosi n'kupezeka. Mukafuna bonanza ya mpira mumapeza mbuzi, mayunifomu ndi zokuzira mawu. Chingakuvuteni n'chiyani kukonza mpikisano wa oyenda pansi kamodzi pachaka, nyengo yozizira, anthu atakolola? Njira tili nazo. Kuchoka pa chipata cha Mwami kufika pa boma ndi makilomita pafupifupi 12, imeneyo ikhale ya ana asukulu ndi oyamba kumene. Ya akuluakulu idutse m'mapiri a Mchinji kumene kumachokera mtsinje wa Bua, titagwirizana ndi mafumu ndi a zankhalango. Ndipo amene akudzimva kuti ndi chiphona ayese wa ku Lilongwe, makilomita 110, tione ngati angafike dzuwa la mawa lisadatuluke.

Sizifuna mamiliyoni. Wotchi ili mu foni iliyonse. Kope la masamu ndi bolopeni zikwana kukhala kaundula. A nthochi apereke nthochi, a thobwa aike zigubu m'njira, a kaunjika apeze nsapato zingapo. Anyamata a kabaza aperekeze oyenda m'malo a mdima, chifukwa tisabisane, chimene chimamuopsa mkazi pa njira ya usiku si mtunda koma anthu. Tara Dower paulendo wake uja amasonkhetsanso ndalama zothandizira bungwe lophunzitsa atsikana kuthamanga. Ife tingalephere kusonkhera ana athu omwe?

Koma ndipemphe zinthu zitatu. Choyamba, onse anyamukire pamodzi ndipo kaundula akhale mmodzi, woyamba mpaka womaliza, kuti mkazi akaposa amuna 20 zioneke poyera. Mphotho za akazi zikhalepo padera, koma dzina lake lisachotsedwe pa mndandanda wa onse. Chachiwiri, mphotho ya mkazi woyamba ifanane ndi ya mwamuna woyamba. Zija timaona pa mabonanza, a mpira wamiyendo kutenga mbuzi, a ntchemberembaye kutenga sopo, pano zisabwere. Phiri silimutsitsira mkazi mtengo, ndiye inu mumutsitsirenji mphotho? Chachitatu, mwamuna amene mkazi wake kapena mwana wake wamkazi walembetsa, tsiku limenelo agwire chigubu, atsale ndi ana, asonkhe moto. Brew Davis adachita zimenezo masiku 46 ndipo palibe chidamuthothoka.

Ena mudzati zimenezi n'za azungu okhuta, ife timayenda chifukwa cha umphawi. Ndi zoona, azakhali sadayendepo chifukwa chofuna kutchuka, ndipo atapeza ndalama ya minibasi amakwera mosangalala. Sindikuti kusauka n'kokoma. Koma onyamula katundu a ku Mulanje nawonso amakwera phiri chifukwa cha njala, ndipo mwa iwo ndi mwa ana a m'midzi yozungulira mudatuluka anthu okwera ndege kukaimira dziko. Mphamvu imene umphawi udatiphunzitsa ndi yathu, tidailipira ndi thukuta. Kuisiya kuti ithere m'njira za ku chigayo osailemba paliponse ndiko kuluza kawiri.

Azakhali pano akalamba, mawondo adayamba kuvuta, geni adasiyira ana. Nthawi yawo sitidzaidziwa. Koma m'sukulu za ku Mkanda, ku Kapiri ndi ku Waliranji muli atsikana amene mawa m'mawa adzathamanga kuzungulira dambo, ndipo wina mwa iwo adzawadutsa anyamata pobwerera. Makomiti a misika, nkhani ndi imeneyo. Pa msonkhano wanu wotsatira, mukatha za misonkho ndi za zimbudzi, wina aimike dzanja afunse kuti kope ndi wotchi agwira ndani.